Kukabweza chipewa cha goloboyi ku Middlesbrough

Ndinatuluka m'nyumba Loweruka m'mawa kukadali kamdima, chikwama kumsana, tsache litasuzumira pamwamba pa chikwamacho. Silinali tsache la mpini la kuno ayi, linali lathu lomwe lija lalifupi, lomanga ndi mphira, limene ndinagula kusitolo yogulitsa ufa ndi usipa. Mayi a Tadala, akazi anga, anali atangoweruka shifiti ya usiku kuchipatala, akuvula nsapato pakhomo.

"Bambo a Tadala, mukupita ku Middlesbrough kapena mukukafunsira ntchito yosesa mumsewu?"

"Ndikupita kumanda, mayi. Kumanda sapita chimanjamanja."

"Manda a Azungu amasesa ndi makina. Akakusekani m'sitima."

"Anandiseka anthu a ku Thyolo ndili pagolo, ndiye a ku Yorkshire angandiuze chiyani chachilendo?"

Anaseka, n'kundipatsa fulasiki ya tiyi ndi mandasi okulunga m'pepala. Kenaka nkhope inasintha.

"Chinthu chimodzi chokha. Mukakapanda kuwapeza, mudzanene kuti simunawapeze. Musakajambule manda a eni ake n'kudzainamiza nkhalamba ija."

Nkhalamba imene ankanenayo ndi a Desmond, oyandikana nawo nyumba. Nyumba za kuno ku Bradford n'zolumikizana ngati mabogi a sitima, ndiye khoma lathu ndi khoma lawonso. Akatsokomola timadziwa kuti adzuka. Ndi bambo wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, miyendo inawakana kale, ndipo Lolemba lotsatira mwana wawo wamkazi amabwera kudzawatenga kupita nawo kunyumba yosungira okalamba, kummwera kwenikweni kwa England. Tonse tinkadziwa kuti kumeneko sakabwerako.

Mkati mwa sabata anagogoda khoma ndi ndodo, momwe amandiitanira. Ndinawapeza pakati pa makatoni, pamiyendo atayika kachipewa kakang'ono kosuluka, ka nsalu yofewa ngati ubweya wa mphaka, kokhala ndi kamchira ka ulusi pamwamba.

"Iwe goloboyi," anatero, poti ndimo amanditchulira, "ichi ndi cha agogo anga a Malachy. Anawapatsa atasewerera dziko la Ireland. Mwana wanga akachiika m'katoni, katoniyo ikakhala m'galaja, tsiku lina mdzukulu adzachitaya pamodzi ndi nyuzipepala. Kachipereke kwa mwini wake. Wagona pamvula wopanda chipewa nthawi yaitali."

Dzina la manda ankalidziwa. Koma iwo anafikako kamodzi kokha, akadavala kabudula, mayi awo atawagwira padzanja. Zimene ankakumbukira ndi zitatu: pafupi ndi khoma, pansi pa mtengo waukulu, ndi mwala wogobedwa manja awiri. "Manja a goloboyi," anatero. "Sungasochere." Ofu yanga inali ya Loweruka lokhalo. Ndinavomera msanga ngati munthu amene sanaonepo manda a m'tauni ya Azungu.

Basi ya kumtunda kwathu inanditsitsira pasiteshoni ya pakati pa tauni, mapaundi awiri ndi kanthu. Tiketi ya sitima yopita ndi kubwerera inadya mapaundi makumi atatu n'kupitirira. Ndinaleka kale chizolowezi chosintha mitengo kuti ikhale makwacha, chifukwa adokotala anandiuza kuti magazi anga amathamanga kale okha. Sitima yoyamba inangondiponya ku Leeds tiyi asanazizire. Kumeneko ndinasochera pang'ono pamasitepe, monga mwa nthawi zonse, n'kukwera yachiwiri yodzera ku York.

Ndisanapitirire, ndiyenera kudziulula kuti inenso ndinali goloboyi. Ndinkatchinga pagolo la timu ya pa esiteti ya tiyi kwathu ku Thyolo, pabwalo lopendekeka lomwe mpira unkathamangira wokha kugolo la kumunsi. Ochemerera anandipatsa dzina loti Dengu, ati chifukwa dengu silisunga madzi. Sukulu ndinalekeza Fomu 2, koma kuwerenga sindinalekeze. Kuno ndine kasitomala wa laibulale ndi timasitolo ta kaunjika komwe mabuku amagulitsa ngati tomato wa madzulo. A Desmond atayamba kundisimbira za agogo awo, ndinathamangira kukawerenga za mpira wa makedzana, n'kubwera kudzawakonza pena ndi pena. Tsiku lina anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Kodi iwe unaliko?" Kuyambira pamenepo ndimawerenga mwakachetechete.

Ku York munakwera anyamata ovala masikafu ofiira, opita kukaonera mpira, zitini za mowa zili kale m'manja dzuwa lisanakwere n'komwe. Anakhala mondizungulira. Mmodzi wa ndevu zofiirira analoza chikwama changa.

"Akulu, tsachelo ndi la chiyani? Pobwerera muulukira pomwepo?"

"Ayi achimwene," ndinayankha. "Kwathu afiti amaulukira pa lichero. Tsache ndi la anthu aulemu."

Anaseka mpaka wina kutsamwa. Atafunsanso, ndinawauza kumene ndinkapita, ndipo poti munthu wowerenga akapeza omvetsera sasiya, ndinawakhuthulira zonse. Ndinawauza za a Malachy, mnyamata wa kumpoto kwa Ireland amene ankagwira ntchito m'fakitale ya nsalu, n'kumatchinga pagolo Loweruka masana, nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe. Munthu wina wochokera ku England anamuona akudumpha m'matope, n'kumulonjeza malipiro a mpira. Anawoloka nyanja ndi kabokosi kamodzi, atawauza mayi ake kuti akasewera nyengo ziwiri zokha. Anayambira ku Sheffield, kenaka n'kusunthira kumpoto, kufupi ndi mafakitale a zitsulo.

Masiku amenewo, ndinatero, goloboyi sanali dzira ngati lero. Akagwira mpira, osewera kutsogolo ankaloledwa kumugunda ndi phewa, kumulowetsa m'golo pamodzi ndi mpirawo, woyimbira n'kuvomereza chigoli. Mpira unali wachikopa, womanga ndi zingwe, ndipo ukamwa mvula unkalemera ngati dzungu. Panalibe zosinthana osewera. Chala chikathyoka unkachimangirira kwa chinzake n'kubwerera pagolo. A Desmond amati chimene amakumbukira bwino pa agogo awo ndi zala, zokhotakhota ngati mizu ya chinangwa cha pamiyala, moti kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri.

"Nanga Ireland anaisewerera kangati?" anafunsa wandevu uja.

"Kamodzi."

"Anapambana?"

"Anamwa zigoli zambiri ndithu. Koma a m'banja lake amati pakanapanda iye, zikanachuluka mpaka osowa powerengera."

"Goloboyi aliyense amatero," anatero wina.

"Eya," ndinavomera, "inenso ndimatero."

Ulendo wokasewerera dziko lake uja, ndinawauza, ndi womwe unali womaliza kuponda kwawo. Anagona m'nyumba ya mayi ake usiku umodzi, m'mawa n'kukwera sitima ya pamadzi kuti Lolemba akapezeke pa timu. Patapita nthawi bondo linaphwanyika, mpira n'kutha. Analowa ntchito m'fakitale ya zitsulo ku Middlesbrough, anakwatira, ana anabadwa, ndipo chaka chilichonse ankati chaka chamawa tipita kumudzi.

Pamenepo ndinatsegula chikwama kuti ndiwaonetse chipewa. Ndinapeza kuti mayi a Tadala, omwe aja ondiseka, anali atachikulunga m'kachidutswa ka chitenje chawo chakale. Wandevu uja anaika chitini pansi, napukuta manja pa buluku, n'kuchilandira ndi manja awiri ngati mwana wa kwathu wolandira kanthu kwa wamkulu. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Pobweza anangoti, "Mukawapatse moni akuluwo."

Kupitirira York dziko ndi lathyathyathya, minda yolimidwa kale, nkhosa zonenepa ngati zili pa penshoni. Kudzanja lamanja kunayamba kuoneka timapiri tabuluu, ndipo ndinapezeka ndikutiyerekeza ndi Mulanje, zomwe ndi chipongwe kwa Mulanje. Kwathu munthu ngati a Malachy tili naye dzina. Timati mtchona: wopita ku Halale kapena ku Joni kukagwira ntchito ya zaka ziwiri, n'kusanduka nkhani. Agogo anga aamuna anali otero. Anapita ku Bulawayo bambo anga akuyamwa, ndipo mpaka lero palibe wa kwathu amene anaona pamene anagona. Ine nditabwera kuno ndinawauza mayi anga kuti ndi zaka zitatu basi. Tadala anabadwira kuno, pano ali ku sekondale, ndikamulankhula Chichewa amandiyankha Chingerezi.

Tinafika ku Middlesbrough dzuwa lisanafike paliwombo, ngati linaliko n'komwe. Mphepo ya kumeneko imachokera kunyanja ndipo siipempha njira, imangodutsa m'jekete. Ndinaona patali mlatho wachitsulo wabuluu, wautali miyendo ngati chiswamphika. Anyamata aja analowera kumpira kwawo akuimba, ine n'kukwera basi ina. Dalaivala, mayi wonenepa wansangala, anandilonjeza kuti andiuza potsikira, ndipo tikufika anakuwa basi yonse ikumva kuti, "Bambo wa tsache, manda anu ndi awa!"

Geti linali lotsegula, lalikulu, lachitsulo. Ndinafika pamenepo n'kuima.

Kwathu munthu salowa kumanda yekha, ndiponso salowa popanda kupempha kwa eni mudzi. Ukapezeka uli wekha pakati pa mitumbira, mlandu wake sutha ndi nkhuku imodzi. Ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti kuno si choncho. Ndinawerengapo kuti manda a m'matauni a kuno anawakonza dala ngati mapaki, oti anthu aziwongoleramo miyendo. Maso anga omwe ankaona: bambo wina analowa ndi agalu awiri, mtsikana anadutsa akuthamanga zomvera nyimbo zili m'makutu, gogo wina anali pabenchi mkatimo akudya sangweji, manda ali mbali zonse. Koma mutu ndi umene unawerenga mabuku. Miyendo sinapite kusukulu. Inakana. Ndinayamba kuwerenga chikwangwani cha malamulo a agalu ngati muli nkhani yofunika, kwinaku ndikuyembekeza kuti mwina patulukira mlonda woti ndimupemphe.

"Imwe atate, ndimwe a ku Malawi, ai?"

Ndinatembenuka. Anali mayi wamfupi, yunifolomu ya osamalira okalamba ikuonekera pansi pa jekete.

"Mwadziwa bwanji, mayi?"

"Nanga nindani wina angaimilile pa geti ya manda na tsache monga ayembekeza ndeke? Ine ndine Tembo, wa ku Chipata. Muyembekeza ndani?"

"Woti andilole kulowa."

Anaseka mpaka kugwira geti. "Mfumu ya muno ni khonsolo, atate, ndipo pa Chiwelu sasebenza. Muzagona pano."

Koma atatha kuseka anandiuza kuti iwonso chaka chawo choyamba ankazungulira mpanda wonsewo popita kuntchito, mvula kaya chipale, kufikira tsiku lina atachedwa kwambiri anangotseka maso n'kudutsa pakati akuimba nyimbo ya kwaya. Ndinawafotokozera za chipewa. Anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana ine.

"Tiyeni tilowe awiri. Mfiti siziyenda ziwiri masana."

Anaima pakhomo la geti, nawomba m'manja mofatsa, mutu atawerama. "Odi, eni ake. Tabwera na mlendo, ali na katundu wa mnzanu." Inenso ndinawomba. Bambo wa agalu uja anatiyang'ana, n'kuyang'ana kumwamba ngati akufuna chimene tikuwombera. Miyendo inamasuka. Mayi Tembo anandiperekeza mpaka pamphambano ya tinjira, nandilozera chigawo chimene kuli mayina ambiri a ku Ireland, n'kuthamangira shifiti yawo. Sindinawafunse n'komwe nambala ya foni.

Pafupi ndi khoma, anatero a Desmond. Manda aja ndi aakulu ngati munda wa tiyi, ndipo khoma lili mbali zonse. Pansi pa mtengo waukulu. Mitengo yake yonse ndi yaikulu, ndipo umene unali waukulu a Desmond ali mwana mwina anaudula kale. Ndinatsala ndi manja.

Sindinayende nthawi yaitali ndisanawaone: manja awiri ogwirana, ogobedwa bwino pamwala wautali. Ndinathamangira pomwepo n'kupeza dzina la mayi wina, mkazi wa wogulitsa nyama. Patsogolo pang'ono, manja ena. Kuseri kwake, enanso. Ndinafika poganiza kuti mwina Middlesbrough yense kale anali wa magoloboyi okhaokha. Mpamene ndinakumbukira kuti zimenezi ndinaziwerengapo ndithu: manja ogwirana ndi chizindikiro chotsanzikana, ankaika pamanda a aliyense. Nzeru za m'mabuku zili ngati apolisi a kwathu, zimafika wakuba atapita.

Ndinatsata khoma, kuwerenga mwala ndi mwala. Mayina a ku Ireland analipo ambirimbiri, ena atalembedwa ndi maboma a kwawo pansi pake. Amuna a m'mafakitale, akazi awo, tiana tomwalira tisanayende. Ena miyala inagwa chafufumimba, ena zilembo zinadyeka ndi utsi ndi mvula. Inali nyengo yoyoyoka masamba, ndipo pansi ponse panali chimkeka cha masamba onyowa ofika m'kakolo. Nyengo imeneyi kuno dzuwa limaweruka msanga kuposa wantchito wa boma Lachisanu. Pomwe ndinkamaliza khoma lachiwiri, kuwala kunali kutayamba kufiira, kamvula kakuwaza, mimba ikulira. Mandasi anali m'chikwama, koma kudyera kumanda ndiye ayi, pamenepo ngakhale mutu unagwirizana ndi miyendo.

Pakona ina, pansi pa mtengo wa nthambi zotambalala, ndinapeza mwala wautali wotsamira khoma. Unali ndi manja awiri. Dzina linali litafufutikiratu, osawerengeka ngakhale chilembo chimodzi. Khoma, mtengo, manja. Ndinatulutsa foni. Ndikanaika chipewa pamenepo n'kujambula, a Desmond akanalira ndi chimwemwe, Lolemba n'kupita mtima uli m'malo, ndipo palibe pa dziko lapansi akanatsutsa. Mwinanso anali omwewo, ndani akudziwa? Ndinaima foni ili m'manja, mawu a mayi a Tadala akundilira m'khutu ngati udzudzu. Ndinaibweza m'thumba.

Ndinakhala pa muzu wa mtengowo, ndipo amene anandibwerera m'maganizo ndi bambo anga. Chaka chilichonse mvula ikatha, mudzi wonse unkapita kukalambula kumanda, amuna ndi makasu, amayi ndi matsache. Lamulo lake linali limodzi: sulambula pa m'bale wako pokha. Umayambira pamene waima n'kumapita ndi mzere, wako kaya wa eni, chifukwa pali ena ogona pamenepo amene abale awo anatha kapena anasamuka. Tikamaliza, bambo ankapita kumapeto, pa kadanga kopanda mtumbira, n'kusesapo bwinobwino. Ndili mwana ndinawafunsa kuti pagona ndani. Anati, "Palibe. Ndi pa agogo ako. Mwina kumene aliko wina akuwasesera, ndiye ifenso tisachite manyazi."

Ndinaganiza kuti chipewa ndibwerera nacho, ndikanena zoona, koma tsache lokha lisabwerere louma. Ndinalisolola, n'kuyambira pa mwala wopanda dzina uja, kutsata khoma.

Masamba onyowa sasesedwa, amakankhidwa. Tsache lathu limafuna munthu wowerama, ndipo msana wanga, womwe unazolowera kukankha mabedi a odwala uli chiimire, unayamba kudandaula nthawi yomweyo. Koma pansi pa masambawo panayamba kutuluka zimene sindinazione poyenda: timiyala tating'ono, ta anthu osauka, tomwe tinagwa chagada n'kumira m'dothi. Ndinali nditaponda pamwamba pake osadziwa. Ndinasesa ka mayi wina, ndinasesa ka ana awiri apachibale. Nditabwerera kudzachotsa mulu wa masamba umene ndinaunjika m'mbali mwenimweni mwa mwala wa manja uja, tsache linakhula pa chinthu cholimba. Ndinatenga kakhasu ka m'manja ka m'dimba la maluwa, komwe a Desmond anandibwereka, n'kupala ndere.

Chinayamba kuoneka ndi M. Kenaka dzina lonse, Malachy, ndi dzina la bambo awo lomwe a Desmond amalembera. Pansi pake panali mawu ochepa: wa ku Antrim, Ireland. Za mpira panalibe ngakhale liwu limodzi. Manja panalibe. Mwana wa kabudula uja anaima pamanda a agogo ake, maso n'kukakamira pa mwala wautali wa pambali.

Ndinagwada m'matope momwemo. Poyamba ndinasowa chilankhulo choti ndiwalankhulire, kenaka ndinaona kuti kumene aliko zonse amamva.

"Odi, a Malachy. Ndine mlendo, wa ku Thyolo, goloboyi mnzanu ngakhale ndinali wa dengu. Wandituma ndi mdzukulu wanu Desmond. Miyendo yamukana, ndipo mkuja akupita kutali. Akuti chipewa chanu ndi ichi, wachisunga mokwanira. Anyamata ena a m'sitima akuperekanso moni."

Ndinachiika pamwala n'kujambula, dzina likuoneka. Kenaka ndinachikulunganso m'chitenje chija, ndinakumba kadzenje kumutu, m'mphepete mwa mwala, n'kuchiika, kukwirira, kutsendera ndi chikhatho. Kuchisiya pamtunda chikanatha ndi agalu aja. Nditatero ndinamaliza mzere wonse mpaka pamene khoma limakhota, chifukwa kulekeza pa wako utamupeza ndiye kuipa mtima kwenikweni.

Pafupi ndi geti pali mpopi wa othirira maluwa. Ndinasamba m'manja ndi kumaso madzi ozizira ngati akuluma, ndinatembenuka n'kunena kuti, "Tapita, eni ake," ndipo sindinasamale kuti wina akundiona. Pafupi ndi siteshoni ndinalowa m'kanyumba kodyera n'kuitanitsa chakudya chimene anthu a kumeneko amanyadira: nkhuku yosasantha, yokazinga, yokwiriridwa ndi msuzi woyera ndi tchizi, tchipisi pambali. Mbale imodzi ingadyetse banja. Ndinaimaliza ndekha, mandasi n'kutsendera pamwamba.

Sitima yobwerera inadzaza ndi masikafu ofiira, koma nyimbo zinali zitatha. Timu yawo inagonja. Kumbuyo kwanga amuna awiri ankatukwana goloboyi wawo kuchokera ku Middlesbrough mpaka ku York, ati manja ake ndi a batala. Zaka zana zapita, mipira yapepuka, magolovesi afewa, koma mlandu udakali wa munthu mmodzi yemweyo. Ndinafuna kutembenuka kuti ndimuikire kumbuyo, koma ndinaona kukula kwa mapewa awo n'kusankha kuyang'ana pawindo.

Ndinafika ku Bradford nthawi ya chakudya chamadzulo. Mayi a Tadala anandiona pawindo n'kutuluka ndi jagi ya madzi ndi beseni.

"Ndasamba kale kumpopi wa komweko," ndinatero.

"Amenewo ndi madzi a komweko. Tambasulani manja."

Akundithirira, anandiyang'ana m'maso kufuna kudziwa ngati ndawapeza. Ndinagwedeza mutu. Anapumira m'mwamba, n'kuyang'ana tsache lomwe linali litatha mbali imodzi, lakuda ndi matope.

"Ndiye mwasesadi," anatero. "Pitani, akhala akugogoda khoma kuyambira masana."

A Desmond anali pampando wawo, makatoni atamatidwa kale. Ndinawapatsa foni. Anavala magalasi, anaiyandikiza, anaitalikitsa, milomo ikuyenda powerenga dzina.

"Manja ali kuti?"

"Palibe, bambo. Manja ndi a pamwala wa pambali. Wawo ndi waung'ono, unagwa, unali pansi pa masamba."

Anatsitsira foni pamiyendo. Ndinaopa kuti ndawalanda chinthu chimene anachisunga moyo wawo wonse. Kenaka mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo ndinaona kuti akuseka, misozi ikutsikira m'makwinya.

"Moyo wanga wonse ndakhala ndikunyadira manja a munthu wina! Nanga unawapeza bwanji?"

Ndinawauza za mayi Tembo ndi kuwomba m'manja pageti, za masamba, za lamulo la kwathu la mzere.

"Unasesa mzere wonse? Anthu osawadziwa?"

"Goloboyi sakhala yekha, bambo. Amenewo ndi otchinga kumbuyo ake."

"Ndiye chipewa wavala?"

"Wavala. Chili kumutu, pansi pa dothi, m'nsalu ya akazi anga."

Anagwira pamutu pawo, pa dazi, ngati akufuna kumva ngati chakhala bwino. Kunja kamvula kaja kanali katatipeza, kakugogoda pawindo. Anatembenukira komweko n'kunena motsitsa, osati kwa ine, "Tsopano igwe."

Lolemba galimoto inabwera, ndipo khoma lathu linakhala chete. Pa ulendowu ndinaphunzira kuti mtchona sachita kusankha tsiku loti atchone. Amangoti chaka chamawa, chaka chamawa, kufikira wina adzamulembere dzina la kwawo pamwala. Sindikudziwa ngati ku Bulawayo kuli munthu amene anayambira pamene waima n'kupita ndi mzere. Bambo anga ankakhulupirira kuti aliko, ndipo tsopano ndikudziwa kuti munthu wotere amatha kupezeka, poti wina ndinamuona ndi maso anga, msana ukumupweteka, ku Middlesbrough.

Tsache ndinalitsuka n'kuliimika kuseri kwa chitseko. Tadala analiona n'kundifunsa m'Chingerezi chake ngati alitaye kubini.

"Lisiye," ndinamuuza. "Bwera kuno ndikuonetse kagwiridwe kake."